Mafunso a Tikambenji

Magetsi akathima ku Kanyama
mlongo wanga Tikambenji amakhala pa ndowa yovundikira
n'kumalemba pa foni yong'aluka galasi.
Ine ndimagwira kandulo,
ngakhale foniyo ili ndi kuwala kwake.

Sanalembe dzina la munthu aliyense.
Analemba mafunso:
ngalande ya kuseri kwa msika idzakumbidwa mwezi uti,
mankhwala a pa kiliniki anakwera galimoto ya ndani,
mtsikana wa Giredi Naini akaima
ndani amamusungira desiki yake.
Lachinayi linali la apolisi ndi chilolezo cha msonkhano.
Ndinati limenelo lichotse.
Anangondiyang'ana. Linakhala.

Ku Kamwala, a Siamoonga a fotokope
anatichotsera mtengo pa mapepala mazana atatu
koma anati, shopu yanga musaitchule,
mwini nyumba ino amavala kapu ya chipani
ndipo lendi ndatsalira miyezi iwiri.

Tinagawa m'minibasi, mpando ndi mpando.
Kondakitala wina anawerenga mokweza ngati mlaliki,
basi yonse n'kuseka, kenako n'kukhala chete
atafika pa za mankhwala.
Mawa lake ndinagula zitumbuwa ku Soweto
zitakulungidwa m'funso lachiwiri.
Mafuta anali atadya theka la mawu.
Tikambenji anati, ndiye kuti lafika m'manja mwa anthu.

Atate anabwera kuchokera ku msonkhano
ndi chitenje cha nkhope yomwetulira
ndi fifite kwacha yopindidwa kanayi m'sokosi.
Anati, mafunso sadyedwa, mwana wanga.
Iye anati, nanga chitenje?
Amayi sanalowerere.
Anatenga chitenjecho n'kutchingira pakhomo pa bafa,
moti mkuluyo amatimwetulira tikamasamba.

Loweruka, pa siteshoni,
anyamata a chipani anamulanda chikwama.
Amene anamuponda dzanja ndi Fwilane,
yemwe ankakopera masamu kwa iye ku pulayimale.
Anamutchula dzina, Fwilane, ndine,
ndipo mnyamatayo anayang'ana kumbali
ngati munthu amene wakumana ndi ngongole yake pamaliro.
Zala ziwiri zinatupa sabata yathunthu.
Analemba ndi zotsalazo.

Anthu ankatifunsa, inu ndinu a ndani?
Mutinta, mnzake wa ku koleji, ankayankha m'Chitonga,
Tikambenji m'Chinyanja,
ndipo ofunsawo ankachoka osakhutira
poti sanapeze mtundu woti atimangirire.

Tsiku lovota tinadzuka tambala asanaganize n'komwe.
Mzere unazungulira mpanda wa sukulu,
mphepo ya Ogasiti ikutithira fumbi m'mano.
Atate anaima patsogolo pathu, osalankhula.
Atatuluka anaonetsa chala cha inki
n'kunena kuti zimene ndachita m'menemo ndi zanga.
Tikambenji anati, ndizo ndimafuna, atate.

Usiku anakhala m'kalasi ya Giredi Folo
pa kampando kosafika ndi m'mawondo,
akuwerenga nawo mapepala, limodzi limodzi,
tochi ili kukamwa.
Manambala anawalemba pa mkono ndi bolopeni
kuopa kuti batire lingamuthawe.

Amene anapambana mukumudziwa.
Mahutala analira mumsewu wa Cairo mpaka mbandakucha,
ena anavula malaya a chipani n'kuvala ena
osasamba n'komwe.
Fwilane ndamuona dzulo, kapu yasintha mtundu.

Mvula yoyamba yagwa Lachitatu.
Madzi alowanso mpaka pa mwendo wa bedi,
nsapato za atate zikuyandama ngati abakha.
Tikambenji wakwera pa tebulo ndi foni yake,
wafufuta deti lokha pamwamba pa mafunso aja.
Akuti, Malizani, gwira kandulo.